Madisiketi m'citini ca mabisiketi

Ngati muwelenga nkhani ino muli mu basi, maondo atapanikizika ku mpando wa kutsogolo, kwezani mutu pang'ono muyang'ane pa wailesi ya ba dilaiva. Mudzaona kafulashi kotulukila ngati cala ca mwana. Mu kanthu ako muli nyimbo zokwanila ulendo wa ku Chipata na kubwelako popanda kubweleza olo imodzi. Palibe amene amadabwa nako. Kakasowa, ba kondakita amagula kena pa City Market tsiku lomwelo.

Ine pa Ciwelu capitaci n'nakwela basi ya ku town kucoka ku Kanyama nili na citini ca mabisiketi pa miyendo. Amai ena amene n'nakhala nao pafupi anaciyang'ana kangapo, mwina kuyembekezela kuti nidzawagawilako. Munalibe mabisiketi. Munali madisiketi 11 a malemu atate, omangidwa na kalabala, ndipo onse pamodzi sangasunge nyimbo zisanu za m'kafulashi ka ba dilaiva.

Cimene cinaninyamulitsa citini ni nkhani ya nyumba. Atate anamwalila zaka zinai zapitazo. Kucokela pa malilo, atate aang'ono akhala akukamba kuti nyumba imene tikhalamo inamangidwa na ndalama za anthu awili, ndipo naonso ali na gao. Amai akuti ni bodza. Amakumbukila kuti atate anataipa okha pangano logulila puloti, wogulitsa anasaina, koma pepala ilo linapita na madzi caka cina mvula italowa m'nyumba. Inu a ku Kanyama simufunika kuuzidwa mmene zimakhalila. Citini cinapulumuka cifukwa cinali pamwamba pa wadilopu, ndipo pa disiketi imodzi atate analemba na bolopeni, zilembo zikulu-zikulu: PLOT.

"Upite nayo ku town ukaione," amai ananiuza. "Si ndiwe unaphunzila makompyuta?"

N'naphunzila utolankhani, koma kwa amai aliyense wonyamula laputopu ni injiniya.

Kwa inu obadwa pambuyo pa 2005: disiketi ni kapulasitiki ka makona anai kokwana pa cikhatho, kokhala na kacitseko kacitsulo kosunthila pambali. Mkati muli kambale kofewa, kopakidwa mankhwala ogwila maginito, ndipo apo m'pamene mau amalembedwa. Imasunga 1.44 MB. Cithunzi cimodzi cojambula na foni ya masiku ano nthawi zambili cimaposa pamenepo. Memori khadi ya 32 GB, ija imene mumataya pansi pa mpando osamva n'kugwa komwe, ilingana na madisiketi oposa 22,000. Kuwasanjikiza imodzi pamwamba pa inzake, mulu wake ungapitilile mamita 70, kutsala pang'ono kufika pamutu pa Findeco House.

Atate anali kalaliki pa kampani ina yonyamula katundu ku Industrial Area. Pa Ciwelu anali kugwila mpaka masana cabe, ndipo nthawi zina anali kunitenga. N'nali na zaka 7 kapena 8. Kompyuta ya mu ofesi muja inali kulemekezedwa kuposa alendo. Inali na nsalu yake yophimbila, ndipo wobwela na kapu ya tiyi pafupi anali kukalipilidwa. Sikilini yake inali na cimsana cacikulu ngati TV yakale. Kuiyatsa inali nchito yofuna mtima wautali: atate anali kutinika batani, n'kupita kukapatsa moni alonda ku geti, pobwela n'kupeza ikali kuganiza.

Ine n'nali na udindo wanga. Mausi ya masiku aja inali na kampila pansi, ndipo fumbi likaculuka, kamuvi ka pa sikilini kanali kuyamba kudumpha-dumpha ngati koledzela. N'nali kutsegula kacivinikilo, kucotsa kampilako, n'kupala litsilo na cikhadabo. Malipilo anga anali mphindi khumi za Pinball. Ofesi ija inalinso na intaneti ya pa waya wa telefoni, imene inali kuyamba na kulila ngati mphaka wapondedwa mcila, ndipo pamene munthu ali pa intaneti foni ya mu ofesi sinali kulowa. Intaneti inafika mu Zambia mu 1994 kudzela ku Zamnet, imene inabadwila pa UNZA, koma ku komboni kwathu ngakhale patapita zaka khumi inali ikali nkhani yongomva.

Madisiketi okha sin'nali kuloledwa kuwagwila popanda atate. Anali na malamulo ao, ndipo nikali kuwakumbukila ngati a ku Sande sukulu. Usaicotse kalaiti kakali kuyaka. Usaiike pa sipika, muli maginito. Usaisiye pa dzuwa. Usatsegule kacitseko n'kugwila mkati. Poenda ku nyumba anali kuika imodzi m'thumba la shati pamodzi na NRC, ndipo mu basi anali kuika dzanja pa cifuwa ngati munthu oimba nyimbo ya fuko.

N'tatsika mu town n'nayambila pa Katondo Street, poganiza kuti kumene amatsegula foni iliyonse sangalephele kapulasitiki ka atate. Mnyamata woyamba ananithamangila.

"Ba boss, mugulitsa olo mugula?"

N'natulutsa disiketi. Anaitembenuza uku na uku, anasuntha kacitseko, kenaka anaseka.

"Aa, iyi ni ija ya save! Kansi iliko zoona?"

Anaitana anzake kuti aone. Sananame: kacizindikilo kamene mumatinika mu Word pofuna kusunga zimene mwalemba ni cithunzi ca disiketi. Iye anali atakaona nthawi zosawelengeka, koma ici cinali coyamba kuigwila m'manja. Ananipempha kuijambula. Kunithandiza kokha ndiye analephela.

N'nayenda mabizinesi senta anai, Cairo Road na Freedom Way. Konse yankho inali imodzi. Makompyuta ao alibe ngakhale polowetsa CD, nanji disiketi. Pa wacinai, amai ena okhwimako amene anali kucita laminate masetifiketi anaiyang'ana nthawi yaitali. "Izi tinataya kudala, mwana wanga. Tinali kugulitsa imodzi-imodzi kuli bana ba sukulu." Ndiwo ananilozela kwa mudala wina wokonza makompyuta kuseli kwa mashopu a mu Chachacha Road. Anati ngati uyo alibe, nibwelele cabe ku nyumba.

Kacipinda kao n'kocepa kuposa mkati mwa Hiace. Makompyuta akufa aunjikidwa mpaka ku denga, oyela amene anasanduka acikasu na ukalamba. Eni ake, a imvi, magalasi ali pa mphuno, anali kudya mbatata na tiyi. N'tatsegula citini analeka kutafuna.

"Mfana, wazicotsa kuti izi?"

N'nawafotokozela. Anapukuta manja, n'kutulutsa mu dilowa kabokosi kakuda kokhala na nthambo ya USB. Anati anakagula zaka zambili zapitazo ndipo pa caka kamagwila nchito mwina kawili. Mtengo tinapangana K20 pa disiketi iliyonse imene idzatseguka. Yokana, mahala.

Sanathamangile kulowetsa. Coyamba, pa disiketi iliyonse anasuntha kabatani kakang'ono ka pa kona mpaka kabowo kataonekela. Anati ikakhala conco kompyuta ingawelenge koma singalembepo kanthu, ndiye palibe cingafafanizike mwangozi. Caciwili, anali kutsegula kacitseko, n'kuzungulutsa kambale ka mkati na cala ca kumbuyo kwake, akuyang'ana pa kuwala kwa pa khomo. Atafika pa ya PLOT anagwedeza mutu. Ananionetsa timadontho toyela, ngati tuja tomela pa buledi wagonela.

"Cuku ici. Madzi sanaikhudze, koma cinyezi cinalowa. Iyi tizaiika last, cifukwa ingadetse mutu wa drive, ndiye zinzake zonse zizakana."

Pamene tinali kuyembekezela kompyuta yao kuyaka, ananionetsa cuma cao. Anatulutsa disiketi ina yaikulu, ya mainchesi 5.25, yofewa moti ungaipinde ngati katoni. Anati iwo anayambila pa izo, ndipo zambili zinali kusunga 360 KB cabe. Ananifunsa ngati nidziwa cifukwa cake hard disk ya mu kompyuta imachedwa C osati A. Sin'nali kudziwa, ngakhale kuti cilembo ico nimaciona tsiku lililonse. A na B anali maina a ma drive awili a madisiketi. Hard disk inabwela mocedwa, inapeza mipando ya kutsogolo yatengedwa, ndiye inakhala pa C. Madisiketi anatsika kale-kale, koma iyo ikali pa mpando umodzimodzi.

Anakumbukilanso Windows 95, imene inali kubwela pa madisiketi 13. Unali kukhala pa mpando kudyetsa kompyuta imodzi-imodzi, ndipo ya namba 12 ikakana, tsiku lonse lapita. Anaseka pokamba izi, koma ine n'naona kuti pa nthawi yake sizinali zoseketsa.

Apa lekani nikambeko zanga. Anthu ambili tikayamba kukumbukila makompyuta akale timanamizako. Timakamba ngati zinthu zinali zolimba, zokhulupilika. Disiketi sinali yokhulupilika olo pang'ono. Inali kufa popanda kudwala. Unali kusunga nchito yako madzulo, m'mawa kompyuta n'kukufunsa ngati ufuna kuicita format, kutanthauza kufafaniza zonse. Pamene Sony, kampani imene inayambitsa mtundu uwu wa mainchesi 3.5, inaleka kuwapanga mu 2011, sinikhulupilila kuti kuli kalaliki amene analila. Cinanidabwitsa n'cakuti ku Japan kwenikweniko boma linacotsa malamulo ofuna kuti anthu azipeleka zikalata zina pa disiketi mu 2024 cabe. Ndiye tikamadandaula za mafailo a mapepala m'maofesi athu, tidziwe kuti cizolowezi n'covuta kulikonse.

Disiketi yoyamba inalowa. Kalaiti kobiliwila kanayaka, ndipo kanamveka kaphokoso kaja, krr-krr, tiki-tiki, krr. Zaka 20 sin'nakamveko, koma thupi linakadziwa mutu usanakumbuke. N'namva fungo la ofesi ija, polishi wa pansi na mapepala a kaboni. N'nacita kuyang'ana kumbali kuti mudala asaone nkhope yanga.

Pa 11, zinai zinapempha format. "Osayesa kutinika yes," anatelo, ngakhale kuti dzanja langa linali kutali na mausi. Zitatu zinali na za ku nchito zokha-zokha, mainvoisi na mindandanda ya mathilaki. Imodzi inalibe kanthu. Ziwili zinali za atate eni ake.

Maina a mafailo anali afupi-afupi, onse m'zilembo zikulu. Mudala anati ni cizindikilo ca munthu amene anaphunzilila pa DOS, pamene dzina silinali kuloledwa kupitilila zilembo 8. Ngakhale Windows itabwela n'kulola maina atali, anthu aja sanasinthe. Munali CV.DOC, yosungidwa katatu na masiku osiyana, kuonetsa kuti atate anali kufuna-funa nchito ina, nkhani imene sanatiuzeko. Munalinso HEADMSTR.DOC, ya mu 2004.

Inali kalata ya Cizungu ca makalaliki, caulemu kwambili, yopita kwa ahedi a sukulu ya sekondale kumene ba sisi anali kuphunzila. Atate anali kupempha kuti mwana wao asapitikitsidwe cifukwa ca K350,000 yotsala. Analonjeza kulipila pawili, kumapeto kwa mwezi uja na wotsatila, ndipo anaonjezela kuti mwanayo asauzidwe, cifukwa mayeso ali pafupi. Kwa acicepele, musadabwe na mazilo: izo ni ndalama zakale, tisanacotse mazilo atatu mu Januwale 2013. Pa kawelengedwe ka lelo ni K350. N'natumila ba sisi cithunzi ca sikilini pa WhatsApp. Anawelenga, timizele tuwili tunasanduka tabuluu, koma sanayankhe mpaka usiku.

Failo yotsiliza inali NYUMBA.XLS. Atate analemba ciliconse cimene cinalowa pa nyumba ija: mabuloko, mcenga wa ku mtsinje, malata, misomali, ndalama ya bilikileya, ngakhale ya anyamata otunga madzi. Mzele uliwonse unali na tsiku na mtengo. Capakati panali mzele wa mapoketi 10 a simenti, ndipo m'malo mwa mtengo analembapo dzina la mng'ono wao. Pambali pake panali bokosi ya mutu wakuti zobweza. Mizele ina ya nkhongole inali na tsiku lobwezela. Uwu unalibe.

N'nauyang'ana nthawi yaitali. N'nabwela kudzafuna umboni wakuti atate aang'ono anama, ndipo n'napeza kuti sananame zonse. Mapoketi 10 si hafu ya nyumba. Komanso si zilo.

Ya PLOT inalowa pothela. Drive inalila, inaleka, inalilanso. Mudala anaicotsa, anapukuta kambale pang'ono-pang'ono na kathonje konyowetsa na spirit, anayembekezela kuti kaume, anayesanso. Katatu konse inakana.

"Yapita iyi," anatelo. "Koma olo sembe yatseguka, mfana, pepala yopanda siginecha ni nkhani cabe. Aliyense angataipe. Pitani mukafunse makope kumene munalembetsa puloti."

Anakopela zonse zimene zinatseguka pa fulashi yanga, ndipo ananiuza kuti nizitumilenso pa imelo nikalibe kucoka pa khomo. N'naseka, n'nati fulashi ni yatsopano. Ananiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuloza katoni ya pansi pa thebulo. Inali yodzala ma CD. Anati anthu amabwela nao a ukwati, a kitchen party, a malilo, onse olembedwa bwino na maka. CD yoocha wekha imasunga 700 MB, pafupi-fupi madisiketi 500, ndipo pamene inabwela tonse tinaganiza kuti vuto yatha. Koma utoto wa mkati mwake umafooka na dzuwa na kutentha, ndipo kumwamba kukapalika, zapita. Fulashi nayo imasunga zinthu na mphamvu ya magetsi yotsekeledwa m'tuzipinda tosaoneka na maso, ndipo ikakhala zaka zambili mu dilowa mphamvu ija ingathe kutuluka pang'ono-pang'ono.

"Vintu ivi sivikonda kugona," anatelo. "Ukafuna visafe, uzivisamutsa. Manje imwe bana ba lelo vonse vili mu foni, foni ili mu thumba ya kumbuyo, ndipo muli pa Kulima Tower 17 hours."

Sin'natsutse. Ku koleji n'nataya nchito ya temu yonse pamene fulashi yanga inatenga kacilombo kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut pa kafe ina. Foni yanga yoyamba inapita mu basi pamodzi na zithunzi zonse za atate ali m'cipatala, ndipo sin'nazisungeko kwina.

Cimene cinanikhudza pobwelela si kukula kwa MB. Mu 1956 IBM inatulutsa hard disk yoyamba, cimakina colemela pafupi-fupi tani imodzi, cosunga zosapitilila 5 MB, ndipo kucokela apo nkhani yakhala imodzimodzi: cocepa thupi, cosunga zambili. Izo n'zabwino, ndipo sinifuna kubwelela. Koma atate, pokhala na 1.44 MB cabe, anali kusankha. Ciliconse cimene cinalowa pa disiketi anaciganizila, anacipatsa dzina, analemba na pa cikuto. Patapita zaka 20 mwana wao anatsegula, ndipo mu mphindi zisanu anadziwa zimene zinali kuwasowetsa tulo mu 2004. Foni yanga ili na zithunzi zoposa 9,000. Pali ma screenshot a mobile money, mamemu, nsapato zimene sin'nagule. Mwana wanga akadzaitsegula, ngati adzadziwa PIN, adzayambila pati?

N'nalipila K120 ya zisanu n'imodzi zimene zinatseguka, kuphatikizapo yopanda kanthu, cifukwa mudala anati nayonso inatseguka. Ananipempha disiketi imodzi mwa zakufa kuti acotseko kacitseko. N'nawapatsa ya mainvoisi m'malo mwake. Ya PLOT n'naibweza m'citini.

Ku nyumba n'napeza amai asankha kapenta pa khonde. N'nawauza kuti ya puloti yakana. Anangoti "Oo," osakweza mutu. N'natsegula laputopu, n'nawawelengela kalata ya kwa ahedi, nikumasulila m'Cinyanja. Anati iyo anali kuidziwa, ndiwo anauza atate kuti alembe. Ndiyeno n'nawaonetsa mndandanda wa nyumba. Anapukuta manja pa citenge, anatenga magalasi, n'kutsata mzele uliwonse na cala pa sikilini. Pa mabuloko anakumbukila amene anawaumba. Pa malata anakumbukila kuti anabwela nao pa wilibala kucoka ku msika. Atafika pa simenti cala cinaima.

Anakhala cete mpaka kapenta anayamba kukopa nkhuku za aneba.

"Izi ungazicotse pa pepala?"

N'nati ningacite print pa Mande ku nchito.

"Ucotse. Kalata ija imodzi, ya mlongo wako. Iyi ya nyumba ucotse ziwili." Anavula magalasi. "Imodzi ukapeleke kwa atate ako aang'ono. Uwauze abwele pa Sondo tikacoka ku chalichi, ndipo ufunse kuti poketi ya simenti ni zingati manje."